Mlatho wa a Kapitawo

"Munthu uja mwam'chotsadi ntchito?"

"Ndam'chotsa. Mumafuna ndim'phikire tiyi?"

A Kapitawo adayankha osatembenuka n'komwe. Adali chiimire pasikelo m'bekale mwawo, nyumba yophikira buledi imene adaimanga kuseri kwa nyumba yogona, akuyeza ufa wokanda ndi maso a munthu woyeza golide. Akazi awo adaima pakhomo, thireyi yopanda kanthu ili m'manja. Wokanda ufa, bambo amene adagwira nawo ntchito chitsegulire bekaleyo, adali atangotuluka pachipata, epuloni yake ataipanira kukhwapa.

"Aka n'kachiwiri kuchedwa," adapitiriza a Kapitawo. "Buledi wa m'magolosale amayenera kutuluka dzuwa lisanatenthe. Lero watuluka anthu atamwa kale tiyi. Wa golosale ya pakona wandiuza m'maso muli gwa kuti mawa akatenga kwina. Makasitomala akathawa mudzadya chiyani? Bizinesi si tchalitchi, mayi."

"Nanga wachedwa chifukwa chiyani?"

"Zimenezo ndi zake."

"Ndi zanu, bambo. Munthuyu amakhala kutsidya. Chithyokere matabwa a pamlatho paja, minibasi zinasiya kuwoloka. Amabwera wapansi, n'kumakwawa pazitsulo ngati buluzi. Kodi woyang'anira mlatho umenewo ndani?"

Funsolo lidali lopanda chifundo, chifukwa yankho lake adali kulidziwa onse awiri. A Kapitawo ndiwo adali mkulu wa gulu la boma lokonza misewu ndi milatho m'dera lonselo. M'mawa uliwonse ankapita kuofesi atatchena, n'kusaina kuti afika, n'kukoleka jekete pampando, basi n'kubwerera kubekale. Jekete imeneyo ndiyo idali wantchito wokhulupirika kuposa onse m'boma. Siinkachedwa, siinkadwala, ndipo siidapemphepo tchuthi.

"Mlatho ndi wa boma," adatero a Kapitawo, akupukuta manja. "Ine ndine wantchito chabe. Matabwa anabwera, sindikukana. Lole yoti iwanyamule inafa. Kuti ikonzedwe, asaine ndi injiniya. Injiniya ali ku maphunziro. Amene akugwirizira mpando wake akuti sasainira za mnzake. Ndiye mukufuna ndiwasenze pamutu?"

"Galimoto yathu ya buledi ilipo. Maulendo angapo basi, matabwa afika."

"Katundu wa boma sakwera galimoto ya munthu. Limenelo ndi lamulo. Mukufuna mundione ndili mu unyolo?"

"Koma katundu wa munthu amakwera lole ya boma, eti? Chaka chatha nkhuni za uvuniwu zinabwera pa chiyani? Anakumangani ndani?"

"Mkamwa mwanumo muli lumo, mayi inu."

"Kaya muli lumo, kaya muli singano, mundimvere. Sindikulirira wokanda ufa yekha. Mwana wathu ali kutsidya komweko, ndipo ndi woyembekezera. Mwezi wake ndi ukubwerawu. Kachipatala ka kumeneko kali ndi namwino mmodzi, dokotala kulibe. Zinthu zikavuta adzadutsa pati?"

Mwana ankanenedwayo adali mmodzi yekhayo amene Mulungu adawapatsa, mtsikana wokwatiwa ndi mphunzitsi wa sukulu ya kutsidya. Atamva za iye, a Kapitawo adafewetsako mawu.

"Mwezi wake usanakwane, mlatho ukhala utatha. Boma silithamanga, koma limafika."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, bambo."

"Miyambi siphika buledi. Tandipatsani thireyiyo."

Sabata idatha, mlatho uli chomwecho. Tsiku lina mayiwo adavala nsapato zawo zopitira kumsika n'kulunjika kuofesi ya amuna awo, kumene adali asanapondeko kwa zaka zambiri. Ankafuna akaone okha ngati zinthu zidalidi zolaka anthu.

Pabenchi ya pakhonde padali anthu odikira, ena akuwodzera. Pawindo padali mtsikana wachilendo amene ankatokosa foni yake. Sadawazindikire.

"Ndimafuna a Kapitawo, mwanangu."

"Angotulukako pang'ono, mayi. Si iyo jekete yawo pampandopo? Dikirani, kapena mubwere mawa."

Mayiwo adasuzumira. Jekete idali pomwepo, mapewa ali chilili, yosalala bwino. Adaisita okha Lamulungu madzulo. Gogo wina wa pabenchi adasuntha kuti awapatse malo.

"Khalani apa, mayi. Ifenso tikudikira omwewo. Ine ndimachokera kutsidya, tomato wanga akuwolera m'munda. Koma bwanayu akuoneka kuti ndi wotanganidwa kwambiri. Tsiku lililonse ndikafika, amakhala atangotuluka kumene."

Manyazi adawagwira mayiwo mpaka kumapazi. Sadakhale. Adazungulira kuseri kwa ofesi, kumene adapeza lole itakhalira miyala m'malo mwa matayala. Pambali pake padali mulu wa matabwa, ochindikala, abwinobwino, udzu utamera m'mipata mwake. A pansi chiswe chidali chitayamba kale kuwalawa. Pansi pa mtengo amuna a gulu la misewu ankamenya makhadi. Mmodzi wa iwo, wachikulire wotchedwa a Nyundo, adawazindikira n'kubisa makhadi kumbuyo ngati mwana wasukulu.

"Alamu! Mwatiyendera lero? Kunja kugwa mvula."

"Ndabwera kudzaona matabwa, a Nyundo. Kodi ntchito ya pamlatho paja ndi yaikulu bwanji?"

"Yaikulu? Sabata siingathe n'komwe. Mabawuti alipo, zipangizo zilipo, manja ndi awa."

"Nanga mukudikira chiyani?"

A Nyundo adaseka, koma kuseka kwake kudali kosakoma.

"Alamu, tikanyamuka popanda chilolezo, thabwa limodzi n'kusowa, mlandu ndi wathu. Tikangokhala pansi pa mtengo pano, mwezi ukatha malipiro amabwera. Kuno munthu amalakwa akagwira ntchito. Wongokhala sanayambe walakwapo."

Atabwerera kunyumba, mayiwo adamva phokoso asanalowe pachipata. Chitseko cha uvuni chidali chitathyoka m'mawa womwewo, ndipo wowotcherera zitsulo adali kale pantchito, moto uli thethethe. A Kapitawo adamuimirira pamsana, thukuta lili kamukamu.

"Lero lomwe, mphwanga! Dzuwa likalowa usanamalize, ndiitana wina."

Mayiwo adadikira mpaka wowotcherera uja atapita, ndipo adawapatsira amuna awo madzi osamba m'manja.

"Ndinali kuofesi kwanu."

"Kukatani?"

"Kukakufunani. Akuti munangotulukako pang'ono."

A Kapitawo adapitiriza kusamba m'manja m'beseni.

"Chitseko chathyoka m'mawa, pofika masana chakonzedwa. Sipanafunike injiniya, sipanafunike kusaina. Ndiye ndadziwa kuti amuna anga si aulesi ayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Uvuni ukasweka, mumamva m'mimba. Mlatho ukasweka, amamva ndi ena."

"Mayi, kuno ndikagona, ndigona ndi njala. Kuja kaya ndithamange, kaya ndigone, palibe amandiyamika, palibenso amandifunsa. Ndinayamba ntchito ndili wachangu ine. Munaiwala? Ndinkakhalira kulemba malipoti, kuwatumiza kulikulu, osayankhidwa ngakhale limodzi. Munthu umatopa."

"Ndikukumbuka. Koma mwana wanu sangawolokere pa kutopa kwanuko."

Mawu amenewo adawalasa. Adalonjeza kuti Lolemba adzakwera basi okha kupita kulikulu, akamugwire pamkono wogwirizira mpando uja mpaka asaine. Ndipo ankanena zoona, pakuti mwana wawo ankamukonda ngati diso.

Koma Lolemba lidafika ndi mwayi. Sukulu ina yogonera komweko idatumiza uthenga kuti ikufuna buledi wa ana onse, tsiku ndi tsiku, kuyambira mawa lake. A Kapitawo adati ulendo wa kulikulu udikire kaye, angoimba foni. Foniyo idaitana mpaka kutopa. Mayiwo adaona zonsezi, koma nawonso adali kalikiliki kulongedza buledi m'mapepala, mtima ukuwerengera zogulira mdzukulu. Tsiku limenelo lumo lawo lidakhala m'thumba. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo adavumbwa onse awiri.

Chapakati pa sabata mayiwo adamuimbira mwana wawo.

"Bwera kuno, mwanangu, udzadikirire pafupi ndi chipatala chachikulu. Usachite kudikira mwezi."

"Amama, ndinayesa dzana. Aphunzitsi anandiperekeza mpaka pamlatho. Nditangoponda chitsulo n'kuona madzi pansi, mutu unazungulira. Ndi chimimba ichi, mapazi anga omwe sindiwaona. Njira ina yozungulira akuti ndi matope okhaokha, ngakhale njinga zamoto zikukana."

"Ndiye titani?"

"Ndidikira amalize. Ababa anandiuza kuti lole ndi imene inafa, koma iwo akuyesetsa usana ndi usiku. Musamawavutitse, amama, ndimakudziwani inu. Ababa akanena sanama."

Adaseka, mayi ake nawonso n'kuseka. Sadafune kumuuza mwana woyembekezera za jekete ndi makhadi. Adangoti, "Chabwino, uzidya mokwanira."

Mvula idayambanso Lachisanu, ndipo idagwa ngati yakwiyira munthu. Lamulungu chakumasana foni ya mayiwo idalira. Adali mkamwini wawo, mphunzitsi uja.

"Amayi, matenda ayamba. Nthawi yake siinakwane koma ayamba. Akutaya magazi. Anamwino akuti izi si za kuno, tithamangire kuchipatala chachikulu. Ambulansi akuti ingathe kufika pamlatho pokha, komanso ilibe mafuta. Tikubwera naye pangolo."

A Kapitawo sadafunse kawiri. Adakhuthulira pansi buledi yense amene adali m'galimoto, akazi awo n'kuponyamo matiresi ndi mabulangete.

Mtsinje adaupeza utadzaza, madzi ofiira akunyambita zitsulo ziwiri zazitali zimene zidatsala pamlathopo. Matabwa ochepa otsala adali atapita ndi madzi. Kutsidya kudali ngolo ndi gulu la anthu, ndipo kulira kwa mwana wawo kunkamveka pamwamba pa mkokomo wa madzi.

"Amama! Amama ine!"

"Ndili pano, mwanangu! Limba mtima!"

Anthu a kutsidya adazula chitseko cha nyumba ina yapafupi n'kumugoneka pamenepo, atamumanga ndi nsalu kuti asagwe. Amuna anayi adachigwira, awiri pachitsulo ichi, awiri pachinzake. Kuimirira kudali kosatheka chifukwa zitsulo zinkaterera. Adachita kukhalira zitsulozo, miyendo ili lendelende m'madzi, n'kumadzikhuluza pang'onopang'ono, chitseko chili pakati pawo. Amene adali patsogolo, mayiwo adamuzindikira ndi mapewa ake otambalala. Adali wokanda ufa uja.

A Kapitawo ankathamanga uku ndi uku m'mphepete, akukuwa.

"Kwezani mbali ya kumanzere! Fulumirani! Inu a kumbuyo, kankhani!"

"Bwana, khalani chete, mutigwetsa," adatero wokanda ufa, osakweza ngakhale mutu.

A Kapitawo adatseka pakamwa. Onyamula aja ali pakati pa mtsinje, chimtengo chozuka chidabwera ndi madzi n'kudzakodwa pazitsulo. Mlatho wonse udanjenjemera. Amuna aja adaima, atakumbatira chitseko, kudikira kuti ena achikankhe ndi nsungwi. Adadikira nthawi yaitali, mvula ikuwamenya. Ndi pamenepo pamene mtsikana uja adasiya kulira. Mayi ake adagwada m'matope. Kulira kuja kunkawang'amba mtima, koma chete ameneyu adawaopsa koposa.

Pomwe ankafika naye kumtunda, milomo yake idali itayera. Adamulowetsa m'galimoto, mwamuna wake n'kukhala chogwada pambali pake. A Kapitawo adagwira dzanja la wokanda ufa, limene lidali litachekeka ndi dzimbiri.

"Mphwanga, mawa ubwere kuntchito. Ndinalakwa."

"Thamangani ndi mwanayu, bwana. Mwachedwa kale."

Kuchipatala adamulandira mwachangu n'kumulowetsa m'chipinda cha opaleshoni. Atatu aja adakhala pabenchi, zovala zikudontha. Dokotala, mayi wa nkhope yotopa, atatuluka adayamba wawayang'ana onse, kenaka n'kukhala pafupi ndi mphunzitsi.

"Akazi anu tawapulumutsa. Koma mwana tinam'peza atatisiya kale. Anali wamwamuna. Chiberekero chinang'ambika kwambiri. Kuti mayi akhale moyo, tachichotsa. Mukadafika msangako pang'ono, bwenzi tikunena zina."

Mphunzitsi adabisa nkhope m'manja. Mayiwo adalira mokweza, osasamala kuti ali m'chipatala, kulirira mdzukulu amene sadamuone ndi ena onse amene sadzabweranso. A Kapitawo sadagwetse msozi. Adangokhala, maso ali pansi, ngati munthu amene wamenyedwa ndi chinthu cholemera pamutu.

Nkhaniyo idamveka pawailesi. Ndipo taonani zodabwitsa: lole yakufa ija idauka tsiku limodzi. Injiniya adatulukira, cholembera chili m'manja. Mafuta adapezeka. A Nyundo ndi anzawo adagwira ntchito ngati anyamata, ndipo sabata isanathe minibasi zidayambanso kuwoloka. Anthu ankayamika boma chifukwa chochita zinthu mwachangu. Mayiwo akamva zimenezi ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Madzi akatayika saoleka.

Atatuluka m'chipatala, mwana wawo adadzakhala kwa makolo ake, m'chipinda chake chakale choyang'anana ndi khonde la kuseri. Ankadya pang'ono, kulankhula pang'ono. Zovala za khanda zimene zidagulidwa, mayi ake adazibisa pamwamba pa kabati.

Tsiku lina a Kapitawo adavala bwino n'kukwera basi ya kulikulu, osanena chimene akukachita. Adabwerako dzuwa litapendeka, n'kudzakhala pakhonde la kuseri pamene akazi awo ankachapa nsalu za wodwala. M'masabata ochepawo adali atakalamba, kolala ya shati ikuchita kugwedera m'khosi.

"Ndinapita kwa bwana wamkulu," adatero motsitsa mawu.

"Ndikumva."

"Ndamuuza zonse. Za jekete, za bekale, za Lolemba lija. Ndinati mlatho uja ndinaugonera ndine, mdzukulu wanga ndinamupha ndine. Ndinati andichotse ntchito, kapena anditengere kukhoti, chilichonse chimene lamulo likunena."

Mayiwo adasiya kuchapa.

"Ndiye anati chiyani?"

"Anandiitanitsira tiyi."

"Tiyi?"

"Anati ndisadzipweteke ndi maganizo, imene ija inali ngozi ya mvula. Anati ndikanena kuti ndinalakwa ndine, ndiye kuti injiniya analakwanso, wogwirizira mpando analakwanso, iye mwini analakwanso. Akuti ukakoka ulusi umodzi, juzi yonse imasosoka. Anandipempha kuti ndisadzabwerezenso mawu amenewa kwa munthu wina."

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka," adatero mayiwo. "Basi, zathera pomwepo?"

A Kapitawo adapukusa mutu.

"Akhazikitsa komiti yofufuza chimene chinachedwetsa mlatho. Ikakumana kuhotela sabata yamawa. Akuti popeza dera ndimalidziwa bwino, komanso ndine wokhudzidwa, wapampando wake ndikhale ine."

Mayiwo adawayang'ana amuna awo. Mkwiyo umene adausunga masabata onsewa adaufunafuna mumtima, koma adapezamo chisoni chokhachokha.

"Wokanda ufa anachedwetsa buledi, munam'chotsa tsiku lomwelo," adatero pang'onopang'ono. "Inu mwapita nokha kukapempha chilango, akupatsani mpando."

"Mayi, ndikadakonda akadandimanga. Bwenzi mwina ndikugona tulo."

"Ababa?"

Mawuwo adachokera m'chipinda. Zenera lidali lotsekula. Onse awiri adadzidzimuka, osadziwa kuti mwana wamva zingati. Adalowa, mayi patsogolo, bambo n'kuima pakhomo ngati mlendo.

Mtsikanayo adali atadzuka kumene, atatsamira pilo, tulo tikadali m'maso.

"Ndamva ngati mukunena za komiti. Akufufuza za mlatho uja?"

"Eya, mwanangu."

"Ndipo akuika inuyo kuti mutsogolere?"

"Eya."

"Ndiye bwino," adatero, akupumira m'mwamba. "Akadaika wina bwenzi akubisa. Inu simubisa. Aphunzitsi akuti zinthu za boma zilibe mwini, koma ine ndikukana. Matabwa anali pomwepo, anthu anali pomwepo. Pali munthu amene ankayenera kudzuka, sanadzuke. Munthu ameneyo alipo, ababa, ali ndi nkhope."

A Kapitawo adagwira mphuthu ya chitseko. Adatembenukira kwa akazi awo ndi maso opempha, monga ankachitira nthawi zonse zinthu zikawathina. Mayiwo adakhala pamphepete pa bedi n'kuyamba kukonza bulangete kumapazi a mwana wawo. Ulendo uno sadawathandize.

"Mukam'peza musam'chotse ntchito," adapitiriza mtsikanayo. "Mwina ali ndi ana. Musam'mangitsenso ayi, sizindibwezera kanthu. Ndikungopempha chinthu chimodzi."

"Nena, mwanangu."

"Mudzabwere naye kuno. Adzaime pakhomo pomwe mwaimapo, adzandione."